Asuweni, za mafuta a ku North Sea zija

Eee asuweni, ndamva uthenga wanu. Mwati, “kodi mafuta akumeneko atha liti?” Inuyo, munayamba liti kutsata nkhani za mafuta? Ndakutulukirani. Nkhawa yanu ndi fizi ya mwana wathu uja, kuti ntchito ikandithera kuno ku Aberdeen, ku Scotland, zikhala bwanji. Musakane ayi.

Dikirani kaye... mukukumbuka chitsime cha amalume kudimba kuja? Chaka chimene agogo anathyoka mwendo... ayi, chotsatiracho. Aliyense anati chaphwa, azakhali mpaka anayamba kukatunga kumjigo wa kusukulu. Amalume duu, osayankha. Mmamawa anadzimanga chingwe m'chiuno n'kulowa, ine ndi achimwene anu tagwira kumtunda, manja akunjenjemera. Matope ndowa, ndowa, ndowa, mpaka dzuwa kupendeka. Inu munali kuti? Pamthunzi, kudya nzimbe! Kenako anakumba cham'mbali, pomwe anaona mchenga wonyowa. Anatuluka akuoneka maso okha. Kutacha madzi anali m'mawondo, tomato yense uja tinathirira omwewo.

Ndiye mafutawo. M'nyanja ya North Sea muno muli malo okumba mafuta amati Forties. Kampani ya BP inawapeza mu 1970, kupopa kunayamba 1975. Mu 2003 inagulitsa kwa kampani ya Apache, akuti mwatsala migolo pafupifupi 144 miliyoni. Atsopanowo anajambulanso pansi pa nyanja ndi zipangizo zamakono, n'kuona matumba a mafuta amene zitsime zakale zinalambalala, n'kuboola zina. Nambala ija anaipitirira kalekale.

Sikuti mafuta amabadwa, ayi. Nambala imene amalengeza ndi ya mafuta amene angatulutse n'kupeza phindu, pa mtengo wa lero, ndi zipangizo za lero. Ambiri amatsalira m'miyala. Luso likakwera, kapena mtengo, nambala nayo imakwera. Ku Norway, pa malo a mafuta a Ekofisk, poyamba ankati atulutsa 17 peresenti yokha ya mafuta onse a pansipo. Mu 1987 anayamba kuthira madzi pansi kuti azikankha mafuta, pano akuyembekeza kupitirira theka.

Sindikunamizani, kutha adzatha. Apache yomweyo inanena kuti isiya kupopa kuno pofika kumapeto a 2029, chifukwa cha misonkho ndi ndalama zambiri zofunika kuti itsatire malamulo a boma. Koma mukamva “atsala akutiakuti”, si tsiku la maliro limenelo, nambalayo amaiwerenganso chaka ndi chaka. Mwandimva? Imasintha, ndipo pamalo akale nthawi zambiri imakwera.

Mwanayo muuzeni awerenge basi. Fizi nditumiza mwezi ukatha. Mupereke moni kwa amalume, muwafunse ngati chingwe chija achisungabe.