Kompyuta yanga ikukana mapulogalamu, ndifufute zonse?

FUNSO: Akulu a danga lino, ndili ndi kashopu kotaipa makalata ndi kupanga fotokope ku Limbe. Kompyuta yanga ili ndi Ubuntu 22.04. Mnzanga anandipatsa pulogalamu yokonzera zithunzi pa fulashi, fayilo yothera ndi .deb, ndipo ndinaiika ndi "sudo dpkg -i". Siinatseguke. Chiyambire tsikulo, chilichonse chimene ndikufuna kuika chikukanika. Ikungolemba "unmet dependencies", m'munsi mwake "Depends: libc6 (>= 2.38)". Mnyamata wina wati tifufute zonse tiyambirenso, ndimulipire. Koma muli ntchito za makasitomala. Nditani? Wowerenga, Limbe.

YANKHO: Achimwene, ndalamazo sungani, kompyuta yanu siinafe. Mwaipatsa pulogalamu ya Ubuntu wina basi.

Pa Linux, banja limene Ubuntu alimo, pulogalamu siibwera itasenza zonse zimene imafuna. Imadalira zidutswa zina zomwe zili kale m'kompyutamo, ndipo libc6 ndiye mwini mudzi, pafupifupi pulogalamu iliyonse imatsamira pa iyeyo. Ubuntu 22.04 ali ndi libc6 ya 2.35, pamene 24.04 ali ndi 2.39. Fayilo ya mnzanuyo ikufuna 2.38 kapena kuposera apo, ndiye kuti anaipangira Ubuntu watsopano. Zili ngati kugula sipeya ku Ndirande, dzina la galimoto n'lomwelo koma chaka n'china: mabawuti salowa.

Chimene chinakulowetsani m'dzenje ndi dpkg. Iye amangomasula fayilo n'kuikhuthula m'kompyuta, sapita kukatenga zosowekazo. Pulogalamu ija yatsala m'malere, yalowa koma siinamalizike, ndipo apt, chida chimene chimatsitsa ndi kuika mapulogalamu pa Ubuntu, sangagwire ntchito ina isanathe nkhani imeneyi.

Tsegulani Terminal, windo lolembamo malamulo a kompyuta, mulembe "sudo dpkg --audit". Ikuonetsani dzina la pulogalamu yotsala m'malereyo. Kenako lembani "sudo apt update", ikatha "sudo apt --fix-broken install". Apa ndiye musathamange. Apt asanachite kanthu amalemba zimene akufuna kuchita n'kufunsa ngati mukuvomera. Yang'anani pansi pa mawu akuti "will be REMOVED". Pakakhala dzina la pulogalamu ya mnzanuyo lokha, dinani Y, ichoke. Koma mukaona mndandanda wautali muli ubuntu-desktop, gdm3 kapena network-manager, dinani n msangamsanga. Mukavomera zimenezo, kompyuta idzayaka ndi sikirini yakuda ya zolemba zokhazokha, mwinanso popanda intaneti yoti mukonzere. Anthu ambiri amene amandibweretsera makompyuta atafika pamenepa anadina Y osawerenga. Mukadina n, chotsani pulogalamuyo panokha polemba "sudo dpkg -r" ndi dzina lija motsatira, kenako mubwereze fix-broken.

Wina adzakuuzani kuti bwanji osangoika libc6 ya 24.04, kapena kuwonjezera malo otengako mapulogalamu a noble pamndandanda wanu wa jammy (amenewo ndi maina a 24.04 ndi 22.04). Mukaneni. Vuto lanu lero ndi pulogalamu imodzi, koma mukasakaniza awiriwo lidzakhala la kompyuta yonse, ndipo pamenepo ndiye mnyamata uja adzadyadi ndalama yanu. Malangizo okhala ndi "--force-all" nawonso ine sindiwafuna n'komwe, chifukwa amangotseka dpkg pakamwa, zosowekazo zili chisowekere.

Pali kanthu kena koti ndikutsineni khutu, poti kuno magetsi amapita osatsanzika. Akathima kompyuta ili mkati moika mapulogalamu, mudzaona uthenga wakuti "dpkg was interrupted". Mankhwala ake ndi "sudo dpkg --configure -a", amene amamalizitsa zotsala. Musafulumire kulemba "apt clean" monga amalangizira ena. Mafayilo amene munatsitsa kale amakhala mu /var/cache/apt/archives, ndipo mukawasesa mudzawagulanso ndi bandulo ina.

Nanga pulogalamu ya zithunzi ija? Yambani mwafufuza ndi "apt search" ngati Ubuntu wanu ali nayo kale. GIMP, Inkscape ndi Scribus zilimo, ndipo pa ntchito ya makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro zimakwanira. Ngati mukufuna yomweyo, onani ngati ilipo ya Snap kapena ya Flatpak, chifukwa zimenezi zimayenda ndi zidutswa zakezake, sizikhudza libc6 yanu. Kungoti zimadya bandulo ndithu. Tsiku lina wina akakupatsaninso .deb, muziika ndi "sudo apt install ./dzina.deb". Apt amayamba waona ngati zofunika zilipo, zikasowa amakana asanakhudze kanthu.

Ubuntu 22.04 wanuyo azilandirabe zokonza mpaka 2027, ndiye palibe chokuthamangitsani. Mukadzafuna kukwera ku 24.04, muyambe mwakopera ntchito za makasitomala pa hadi disiki ina, ndipo "do-release-upgrade" mudzailembe tsiku limene muli ndi intaneti yokwanira komanso UPS (batire yosungira magetsi a kompyuta) yodzaza.