Monty Python ija ine sinandikomere

Achemwali, mwandikumbutsa zowawa. Apongozi anuwo akakuyikirani Monty Python and the Holy Grail, konzekani. Inenso anandikhazika pansi pa filimu yomweyo, Khirisimasi yanga yoyamba kuno ku Leeds, ku Mangalande, kwa mnzanga wa kuntchito. Sabata yonse ankangoti ukafa ndi phwete.

Poyamba paja ndinasekadi. Mfumu Arthur akudumphadumpha ngati ali pa hatchi, wantchito wake pambuyo akugunditsa zigoba za kokonati, hatchiyo kulibe. Filimuyi ndi ya 1975, ndipo ndalama zoipangira zinali zochepa, mpaka oimba a Pink Floyd ndi Led Zeppelin anasonkhako. Koma kuseka kwanga kunathera pomwepo.

Tinafika pa msilikali wovala zakuda uja (wosewera wake ndi John Cleese), amene Arthur amamudula mkono, kenaka winawo, kenaka miyendo, magazi ali tsaa, iye n'kumati tizimenyanabe. Nyumba yonse misozi mbwembwembwe ndi kuseka, mawu akuwatchula osewerawo asanawatchule. Ine duu, mbale ya keke ili pamwendo. Ndiye mwamuna wa mnzangayo anaimitsa filimu, n'kubweza, n'kuyamba kundimasulira pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade 1. Anthu 9 maso onse pa ine. Ati mwina kwanu nthabwala zotere simuzimva. Chizungu ndinamva chonse! Kungoti munthu wopanda manja akuthira magazi kwa ine si zoseketsa, ndipo nthabwala imodzi akuikoka mpaka kutha ntchito. Bambo ameneuja mpaka lero ndikamuona mtima umandiwawa, ndipo mkazi wake sanandiikire kumbuyo ngakhale pang'ono.

Mathero ake ndiye osanena. Mwapirira ola ndi theka kudikira kuti chikho chopatulika chimene Arthur akufunafunacho (Holy Grail yo) achipeza, asilikali afola kuti nkhondo iyambe, basi kukubwera galimoto ya polisi, Arthur amumanga, wapolisi waphimba kamera ndi dzanja, yatha. Ndinachita kufunsa ngati TV yawonongeka.

Komabe musakane, pitani. Kwa iwo ndi filimu imene anakula nayo, kukana angakuoneni ngati wonyada. Muionere kaye nokha pafoni, mawu akulembedwa pansi, kuti pasapezeke wokumasulirani. Musadzikakamize kuseka, amazindikira. Koma pa kalulu woluma anthu paja musekeko ndithu, apo ayi akubwezerani kawiri.