Kodi ndingabwererenso ku karate atandiika chitsulo m'chiuno?

FUNSO: Ndili ndi zaka 52 ndipo ndimaphunzitsa karate ya Shotokan. Masabata 7 apitawo madokotala anandichita opaleshoni yosintha molumikizana mafupa a m'chiuno chakumanja chifukwa anali atadyeka. Ululu watha, ndodo ndasiya. Kodi mateche ndi kumite (kulimbana ndi mnzako) ndingayambirenso liti? Mphunzitsi wa karate, Zomba

YANKHO: Bambo, ku dojo, malo ophunzirira karate, mubwerera ndithu, koma kutha kwa ululuko kusakunamizeni. Ululu umatha msanga chifukwa fupa lodyekalo analichotsa, pamene m'kati ntchito yopola ikadali pakati.

Zimene anakuikani ndi zinayi: kachitsulo kakatali kolowa m'fupa la ntchafu, kampira pamutu pake, kambale kokhala m'fupa la chiuno, ndi pulasitiki yolimba m'kati mwa kambaleko. Ngati sanagwiritse ntchito simenti ya mafupa, fupa lanu liyenera kumera lokha n'kugwira chitsulocho, ndipo zimenezi zimatenga masabata 6 mpaka 12. Mukamachigwedeza chisanagwire, chimatha kukhala chokhwepa mpaka kalekale.

Funsani dokotala wanu kuti anadzera mbali iti. Ngati anang'amba chakuthako, kampira kamaguluka mosavuta mukapinda chiuno kupitirira madigiri 90, mukapingasa miyendo, kapena mukapotolera bondo m'kati. Ndiye mpando waufupi, chimbudzi chonjuta ndi kugwada kwa seiza, kokhalira zidendene, zidikire. Ngati anadzera kutsogolo, choopsa ndi kutambasulira mwendo kumbuyo phazi litaloza kunja, monga umakhalira mwendo wakumbuyo mu zenkutsu dachi yaitali, kaimidwe kopinda bondo lakutsogolo mwendo wina utatambasukira kumbuyo. Miyezi itatu yoyamba ndi imene kuguluka kumachitika kwambiri.

Apa ndi pamene akarate ambiri amalakwitsa. Amaopa kumenya theche ndi mwendo wa opaleshoni, n'kumati bola ndiziponda nawo, ndizimenya ndi winawo. Chonsecho mwendo wopondawo ndi umene umavutika koposa. Taganizirani mawashi geri, theche lozungulira lodzera m'mbali: thupi lonse lili pa mwendo umodzi, chiuno chikuzungulira mwamphamvu, ndipo ngati phazi lakakamira pa mphasa, kupotoka konseko kumathera pa kampira kaja. Phunzirani kutembenuza phazi kaye, mutanyamula chidendene, thupi lizitsatira pambuyo. Phazi, bondo ndi mchombo ziziloza kumodzi.

Kuyambira pano mpaka sabata la 12, ntchito yanu ndi kuyenda pamalo osalala, kupalasa njinga ya m'nyumba chishalo chili m'mwamba, ndi kulimbitsa minofu ya m'matako. Gonani chagada, pindani maondo, nyamulani chiuno kakhumi, mupume, mubwereze katatu. Imirirani mutagwira tebulo, tsegulirani mwendo kumbali pang'onopang'ono zala zikuloza kutsogolo. Ophunzira anu aphunzitseni ndi pakamwa, wa lamba wakuda mmodzi azionetsa m'malo mwanu.

Ikatha miyezi itatu, dokotala akaona X-ray n'kuvomera, yambani nkhonya, zotchinga ndi kata (mayendedwe oloweza ochita wekha) yapang'onopang'ono mutaima chotukuka, osatsika kwambiri mu kiba dachi, kaimidwe kotang'adza ngati wokwera hatchi. Musanayese theche lililonse, imani pagalasi ndi mwendo wa opaleshoni wokha kwa masekondi 30. Chiuno chikapendekera mbali inayo, kapena phewa likagwera kumbali, minofu sinakwane. Ambiri amafika pa mae geri (theche lakutsogolo) yotsika, yosapitirira lamba, cha m'mwezi wa 6. Mateche a kumutu ndi kutang'adza mpaka pansi ife tikuti asiyeni. Karate yanu sichepa chifukwa cha zimenezo.

Kumite yomenyana zenizeni madokotala ambiri a mafupa amaletsa, ndipo nafe tikugwirizana nawo. Ashi barai imodzi, kukusesani phazi, mwagwera pa chiuno, fupa limatha kuthyoka mozungulira chitsulo, ndipo opaleshoni yokonza zimenezo ndi yaikulu kuposa yoyamba ija. Palinso kutha kwa pulasitiki. Kafukufuku amene anatuluka mu The Lancet mu 2019 anapeza kuti pafupifupi ziuno 58 mwa 100 zoikidwa chotere zimafika zaka 25. Inu pa zaka 52 mukufunika kuti chanucho chikhalitse. Kumite yopangana, yoti aliyense akudziwa chimene mnzake achite, ndi mnzanu wodziletsa, imeneyo mungathe.

FUNSO: Mwamuna wanga amasewera judo ndipo anachitidwa opaleshoni yomweyi masabata awiri apitawo. Ndi zizindikiro ziti zoti tithamangire nazo kuchipatala? Mayi wa ku Lilongwe

YANKHO: Mayi, yang'anirani katumba wa kumwendo: akatupa, kutentha ndi kupweteka, mwina magazi aundana m'mtsempha. Akayamba kubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa, musadikire kuti kuche. Mankhwala oletsa magazi kuundana amwe mpaka masiku onse amene analemberedwa atha, nthawi zambiri amakhala masabata 4 kapena 5. Bala likafiira, likamatuluka madzi kapena mafinya, thupi n'kutentha, pitani tsiku lomwelo. Akamva ululu woopsa mwadzidzidzi, mwendo n'kuoneka waufupi ndi wopotoka, ndiye kuti kampira kaguluka. Musaukoke, musautsine, ndipo asadye kanthu chifukwa angafunike kumugoneka tulo pobwezeretsa. Za kugwetsana pa judo akakambirane ndi dokotala wake ikatha miyezi 6.