Kava yakutsogolo kwa njinga: ndimange ndekha kapena ndilipire makaniko?

FUNSO: Akulu, ine ndimapanga kabaza pa Kamwendo kuno ku Mchinji. Njinga yanga ya Lifo inagwa pamchenga, ndiye chipulasitiki chamkati chija chimagwira sipidomita kuseri kwa nyale chinasweka, pano chikungoti gwedegwede. China ndagula kale kwa anyamata oitanitsa masipeya ku Chipata koma makaniko akutchula ndalama yoti ndingathire mafuta tsiku lonse. Sindingamange ndekha kodi? Wakabaza, Kamwendo.

YANKHO: Achimwene, kumanga mungathe ndithu, imeneyi si injini ayi. Sipanala ya 8, ya 10 ndi sikuludiraiva ya sitala zikwana. Kungoti chimene chimaliza anthu si pulasitikiyo, ndi mawaya ali kuseri kwakeko, pajatu mpamene amakumana a nyale, a maindiketa, a hutala ndi a kiyi, onse malo amodzi.

Ndiye musanagwire chilichonse chotsani kaye waya wa negetivi pa batire, apo ayi waya wamoto ukangokhudza chitsulo fyuzi yapita. Jambulani ndi foni musanazule pulagi iliyonse, mutu umanama, pofika pobwezera mudzangoona mawaya onse ngofanana. Timabawuti ponyani m'mbale, osati pansi. Kenako gundanitsani kava yatsopanoyo ndi yakale muone ngati mabowo akugwirizana, chifukwa masipeya enawa maonekedwe amakhala omwewo koma bowo limodzi lili pena, ndiye munthu umayamba kukakamiza mpaka kadzino kapulasitiki kaja thyo, ndalama yapita musanakwere n'komwe. Timalabala tomwe tinali pa yakale musataye, ndi timene timameza kunjenjemera kwa misewu yathu yafumbiyi. Mabawuti lowetsani onse kaye mosalimbitsa, kenako muzimanga pang'onopang'ono, akagwira siyani, mphamvu zomangira tayala pano ayi.

Mukatha, khotetsani mahandulo mpaka kumapeto uku ndi uku, muone ngati palibe waya wopanika, kebulo ya kilachi ndi ya mafuta zikuyenda bwino, ya sipidomita sinapindike. Bwezerani batire, yatsani zonse mpaka hutala.

Koma pali pena pamene ine ndinganene kuti lipirani basi. Ngati njingayo ndi ya abwana, kapena ndi yatsopano ikadali pa waranti, musaigwire, zikadzavuta adzati munaiwononga ndinu. Chimodzimodzi mukatsegula n'kupeza mawaya opsa kapena olumikizidwa ndi jumbo, imeneyo ndi ntchito ya wamagetsi. 

Mukasankha kulipira, imani pomwepo muziona mmene akumangira, osapita kukasewera bawo. Ndipo kaya wamanga ndani, pakadutsa masiku angapo muwayesenso mabawutiwo, mabampu amamasula.