Achimwene a ku Mchinji, ma CD a milingo 8 ndi fodya wa bambo anga

Imelo yanu ndaiwerenga katatu achimwene. Mwati mukuphunzira za makompyuta ndipo mwamva zoti kunali nzeru yolemba pa CD ndi milingo yambiri ya kuwala m'malo mwa 0 ndi 1 basi, ndiye mukufunsa kuti zimatheka bwanji, komanso vidiyo ya ukwati wa achemwali anu muisunge pa chimbale kapena ayi. Funso lachiwirilo landikhudza pamtima.

Ine ndinabenapo ma CD zaka zambiri pa Kasungu boma, kashopu kakang'ono kufupi ndi depoti, kompyuta imodzi, fumbi la Okutobala lili mbuu pa kiyibodi, anthu akubwera ndi mayina a nyimbo atalemba pa kapepala ka sopo. Vidiyo ya chinkhoswe cha mlongo wanga ndinaibena ndekha, chimbale chimodzi, ndikumati zatheka. Patapita zaka tinafuna kuonera chifukwa mayi athu amene amavina mmenemo anali atatisiya, chimbale chinafika pakati n'kuima, nkhope ya mayi itaduka timabokosi. Ndinapukuta ndi malaya, ndinayesa makina atatu, palibe. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuwerenga kuti kodi mkati mwa chimbale mumachitika chani kwenikweni.

CD ija anapanga a Philips ndi Sony, inatuluka 1982, ili ndi timaenje ting'onoting'ono tomwe leza, kakuwala ka mkati mwa makina, imawerenga. Koma deta siilembedwa mmene yabwerera ayi. Mabiti 8 aliwonse (biti ndi 0 kapena 1 mmodzi) amasinthidwa kukhala 14, kuphatikizapo ena 3 olumikizira, njira imeneyi ndi EFM, ntchito ya injiniya wa ku Netherlands Kees Schouhamer Immink. Pa chimbale 1 amaimira poyambira kapena pothera kaenje, ndiye lamulo lake ndi loti pakati pa 1 ndi 1 mnzake pakhale ma 0 osachepera 2 komanso osapitirira 10, chifukwa timaenje tikathithikana kwambiri leza siitha kutisiyanitsa, tikatalikanso kwambiri makina amasokonezeka kuwerengera nthawi. DVD inabwera ndi EFMPlus, 8 kukhala 16, ndikumanyamula 4.7 GB pomwe CD inali pa 700 MB.

Tsono za milingo yambirizi, ndikufotokozereni ndi fodya popeza inu ndi ine tonse ndi ana a alimi. Bambo anga amasankha fodya wa bale m'chigafa asanapite naye ku Chinkhoma. Mukanawauza kuti agawe milu iwiri yokha, wofiira ndi wakuda, akanatha ngakhale dzuwa litalowa. Koma magiredi ambiri ofanana-fanana amafuna kuwala kwa m'mawa, ndipo amaika tsamba lachitsanzo pa bondo kuti diso lisawanamize. Chimbale cha milingo 8 n'chimodzimodzi, kadontho kalikonse kamabweza kuwala mosiyana pang'ono ndi kanzake, ndiye kadontho kamodzi kakhoza kunyamula mabiti 3 m'malo mwa 1. Kampani ya Calimetrics ya ku California inayesa zimenezi cha m'ma 2000, cholinga chili choti CD inyamule pafupifupi 2 GB, katatu kuposa wamba.

Vuto lake milingo ikachuluka mpata pakati pake umachepa, kafumbi, chala cha mafuta, kapena kuwala kwa kadontho koyandikana nako kungolowerera pang'ono, mlingo 5 waoneka ngati 6. Apa ndi pomwe coding, kalembedwe ka deta kothandiza makina kugwira zolakwika, imagwira ntchito yeniyeni, ndipo ine ndimakwiya anthu akamangotamanda ma GB osatchulako zimenezi. Amagwiritsa ntchito trellis coded modulation, nzeru ya Gottfried Ungerboeck yomwe inathandizanso ma modemu aja, makina olumikizira intaneti pa lamya. Samalola kuti mlingo uliwonse uzitsatana ndi wina uliwonse mwachisawawa, pali njira zololedwa zokha, ndiye makina akaona mndandanda wosaloledwa amadziwa kuti pena palakwika n'kusankha wololedwa woyandikira kwambiri. Mtengo wake ndi woti pa mabiti 3 aja mumatsala ndi pafupifupi 2.5. Ine ndimati theka lotayikalo ndiye lofunika kuposa onse, chifukwa chimbale chathu chija chinafa pomwe zolakwika zinaposa zomwe makina akanatha kukonza, ndipo chinali cha milingo iwiri yokha.

Nanga zinathera kuti?

Sizinafike m'mashopu athu. DVD inatsika mtengo, kenako Blu-ray inabwera ndi leza yowerenga timadontho tochepa kwambiri ndi 25 GB, anthu anaona kuti kuchepetsa kadontho n'kosavuta kusiyana ndi kuchulukitsa milingo. Koma nzeruyo ili m'thumba mwanu, mafulashi ndi ma memore khadi ambiri a masiku ano ndi TLC, milingo 8 ya magetsi m'kachipinda kamodzi, mabiti 3. N'chifukwa chake memore yotchipa ya pa msika sindiikhulupirira pa zinthu za mtima.

Vidiyo ya achemwali ibeneni pa DVD ziwiri pa liwiro lotsika, zisungidwe nyumba zosiyana m'makesi mwake kutali ndi dzuwa, ina ikhale pa hadi disiki, inanso muikweze pa intaneti bandulo ikapezeka. Khirisimasi iliyonse muziitsegula n'kuonera mpaka kumapeto, ikangoyamba kudumphadumpha koperani tsiku lomwelo.