Za laputopu yokwawa ija: SSD ithandiza, koma yambani ndi mafailo anu

Achimwene, ndawerenga funso lanu. Mwati muli ndi Dell Latitude E6420 yomwe munagula kwa munthu, ikumatenga mphindi zisanu kuti iyake, ndipo mnyamata wina wokonza makompyuta wakuuzani kuti muikemo SSD, chosungira mafailo cha mtundu watsopano cholowa m'malo mwa hard drive. Nkhawa yanu ili pa Office, QuickBooks (pulogalamu yosungira mabuku a ndalama) ya kushopu ndi zithunzi za ana zomwe mwakhala mukusunga zaka zonsezi. Mnyamatayo sananame. Makinawa anatuluka mu 2011, ndipo purosesa yake, ngakhale ndi yakale, imakwanitsabe Word, Excel ndi intaneti. Chimene chikukuchedwetsani ndi hard drive, yomwe m'kati mwake muli timbale tozungulira ndi kamkono kowerenga. Mukafuna umboni, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, muone pamene alemba Disk. Mukapeza 100% pomwe simukuchita kanthu, wolakwa ndi ameneyo. SSD ilibe chozungulira, ndiye ikalowa, laputopu yomweyo izikhala itayaka musanamalize kuthira shuga mu tiyi.

Koma musathamangire kushopu. Kusintha chitsulocho ndi ntchito ya mphindi khumi. Kumene anthu amalira ndi ku mafailo.

Ndikuuzeni za mlamu wanga. Chaka chomaliza ku koleji anatengera laputopu kwa wokonza wina kuti aikemo SSD. Atamufunsa ngati wasunga zinthu zake, anayankha kuti zonse zili pa fulashi. Wokonzayo anafomata hard drive yakale pomwepo, poti anagwirizana kuti aitenga n'kutsitsa mtengo. Madzulo ake mlamu akutsegula fulashi, anapeza mafoda onse alipo ndi mayina ake, koma lililonse lili ndi kamuvi kakang'ono pakona ndipo kukula kwake ndi 1 KB. Anali atakopera ma shortcut a pa Desktop, tizizindikiro tongolozera kumene foda ili, mafoda enieniwo anali ku D, gawo lina la hard drive. Tinabwerera m'mawa kukapempha hard drive ija, mwamwayi inali isanagulitsidwe. Ndinakhala nayo usiku wonse ndi pulogalamu ya PhotoRec yobwezeretsa mafailo ofufutika, ndipo zambiri zinabwera, koma zopanda mayina: fayilo iliyonse ndi f kenako manambala ambirimbiri, zikwizikwi, zosakanikirana. Mlamu anatha sabata akutsegula imodziimodzi kusaka chaputala chachinayi cha kafukufuku wake. Kuyambira tsiku limenelo, munthu akandiuza kuti wapanga backup ndimamuuza kuti akaitsegule pa kompyuta ina kaye ndiye tiyankhulane.

Choncho pezani external drive, ngakhale yobwereka. Lowani mu C, kenako Users, kenako foda ya dzina lanu, mukopere Desktop, Documents, Pictures, Videos ndi Downloads. Downloads musaiderere, ndi kumene kumagona ma invoice ndi makalata omwe munatsitsa pa imelo n'kuiwala kuwasamutsa. Ngati pali D, muonenso kumeneko. Mukamaliza, dinani kumanja pa foda yoyamba ndi yokoperedwa, muyang'ane Properties: chiwerengero cha mafailo ndi kukula kwake zifanane. Kenako tsegulani zithunzi zingapo, zakale ndi zatsopano. E6420 ili ndi USB 2.0, yomwe imayenda pafupifupi 30 MB pa sekondi, ndiye 200 GB idya maola awiri kapena kuposa. Onani kaye ndondomeko ya kuthima kwa magetsi kwanuko, makamaka ngati batire inafa kale monga zimakhalira ndi malaputopu a msinkhu umenewu.

QuickBooks musangokopera chizindikiro chake cha pa Desktop. Itseguleni, pitani ku File, Back Up Company, Create Local Backup, ndipo ikupatsani fayilo yothera ndi .QBB. Imeneyo ndiyo mabuku anu a kushopu. Isungeni malo awiri. Mudakali momwemo dinani F2, patuluka tsamba loonetsa License Number, Product Number ndi chaka cha pulogalamuyo. Jambulani ndi foni. Popanda manambala amenewo simudzatha kuiikanso, ndipo dziwaninso kuti fayilo yomwe yatsegulidwa pa QuickBooks ya chaka chatsopano siibwereranso pa yakale. Office nayo ndi chimodzimodzi: mapulogalamu sakopedwa ngati nyimbo, amaikidwa mwatsopano. Ngati ndi Office 2013 kapena yapambuyo pake ndipo inagulidwa mwachilungamo, kawirikawiri imakhala yomangiriridwa ku akaunti ya Microsoft, mungolowa n'kuitsitsanso. Ngati munaipeza ili momwemo ndipo simudziwa kiyi yake, konzekani kuti mwina ipita ndi hard drive yakaleyo. LibreOffice ndi yaulere ndipo imatsegula mafailo a Word ndi Excel, ingakusungeni pamene mukusaka ndalama.

Tinthu tina tomwe timaiwalika: mapasiwedi a mu Chrome, omwe amabwera okha ngati munalowa ndi akaunti ya Google n'kuyatsa sync, ndi maimelo a Outlook omwe amakhala mu fayilo ya .pst. Tsitsaninso driver ya Wi-Fi, kapulogalamu koyendetsa Wi-Fi ya laputopuyo, pa tsamba la Dell muiike pa fulashi. Nthawi zambiri Windows 10 imaizindikira yokha, koma tsiku limene yakana mumakhala ndi kompyuta yatsopano yopanda njira yolowera pa intaneti kukatenga chinthu chomwe chingailowetse pa intaneti.

Tsopano laisensi ya Windows, pomwe pali msampha waukulu. Pitani ku Settings, Update & Security, Activation. Mukapeza mawu akuti digital license, mtima pansi: laisensiyo imazindikira motherboard, osati hard drive, ndipo mukaika Windows mwatsopano imadzitsegula yokha mukangolumikiza intaneti, bola muike mtundu womwewo. Ngati inali Pro, ikani Pro. Mukaika Home ikana. Ikakufunsani kiyi poika, dinani pomwe akuti mulibe kiyi, mupitirire. Koma mukapeza mawu onena za organization's activation service pomwe inu simuli pa kampani iliyonse, ndiye kuti amene anakugulitsani anaitsegula mwa njira zachidule, ndipo siibwera yokha. Musadalirenso kachikwangwani ka Windows 7 kamene kamakhala pansi pa makinawa. Kale kiyi ya pamenepo inkatsegula Windows 10, koma Microsoft inatseka njira imeneyo mu Seputembala 2023.

Pogula, nenani momveka kuti mukufuna SSD ya SATA ya mainchi 2.5. Timitengo tating'ono ta M.2 kapena NVMe tomwe tadzaza m'mashopu masiku ano sitilowa mu E6420. Samsung 870 EVO, Crucial MX500 kapena BX500, Kingston A400 ndi WD Blue ndi mayina odziwika. Mukaona 1 TB ya dzina lachilendo pa mtengo wa 256 GB, isiyeni, chifukwa zachinyengo zilipo, zolembedwa kukula kwabodza, zomwe zimayamba kudya mafailo zikadzaza malo ake enieni. Pulogalamu ya H2testw imadzaza chimbale chonse n'kuwerenganso, ndipo bodza limaonekera. Yesani mudakali ndi lisiti. Za kukula, onani kaye kuti C yanu yadzaza bwanji. Ya 256 GB imaonetsa pafupifupi 238 mu Windows, ya 500 imaonetsa 465. Ndi zithunzi za zaka zambirizo, ine ndingatenge ya 500 thumba likalola.

Funso lomwe mnyamata uja akufunsani ndi lakuti: tipange clone kapena tiike Windows mwatsopano? Clone ndi kusamutsa zonse momwe zilili, Windows, mapulogalamu, mpaka chithunzi cha pa sikirini. Samsung ili ndi pulogalamu yake yosamutsira, Crucial imapereka Acronis, ndipo Clonezilla ndi yaulere kwa aliyense ngakhale nkhope yake ndi yoopsa. Ubwino wake ndi woti Office ndi QuickBooks zimasamuka osafunsa kiyi kawirikawiri. Kuipa kwake ndi koti mumasamuka ndi nsikidzi zonse za nyumba yakale: ma antivirus atatu olimbana okhaokha, mapulogalamu a mwini wake woyamba, ndi kachilombo ka ma shortcut ka m'mafulashi athu aja. Musanasankhe, tsitsani CrystalDiskInfo muone thanzi la hard drive. Ikalemba Good, clone itheka. Ikalemba Caution mwachikasu, kapena mukamamva kugogoda m'kati, musaivutitse ndi clone, chifukwa kuwerenga chimbale chonse kwa maola ambiri kumatha kuimaliziratu; pulumutsani mafailo ofunika kwambiri poyamba, QuickBooks ndi zithunzi, zina pambuyo.

Maganizo anga: ngati laisensi ya Windows ili bwino ndipo manambala a QuickBooks mwajambula, ikani mwatsopano. Clone ndingaivomere pokhapokha pali pulogalamu yomwe simungathe kuiikanso.

Kuika mwatsopano kumafuna fulashi ya 8 GB yopanda kanthu ndi Media Creation Tool ya pa tsamba la Microsoft. Idya bandulo yoposa 4 GB, ndiye pezani Wi-Fi kapena mudikire ya usiku. Zimitsani laputopu, zulani chaja, chotsani batire, tembenuzani. Masulani masikuluwu anayi ogwira hard drive, ndipo imasololoka chakumbali ngati kabati ka tebulo. Kumapeto kwake kuli kachivundikiro kapulasitiki kogwidwa ndi sikuluwu imodzi. Kasamutsireni pa SSD. SSD ndi yopyapyala, mamilimita 7, pomwe hard drive zambiri zakale ndi 9.5, choncho poilowetsa onetsetsani kuti yalunjika pa mano ake, musakankhe mwamphamvu. Poyatsa dinani F2 kulowa mu BIOS, mupeze SATA Operation, musankhe AHCI musanaike Windows. Amene apanga clone asakhudze pamenepo, apo ayi alandiridwa ndi sikirini ya buluu. Kenako F12, sankhani fulashi, zina zonse ndi kudina Next.

Windows ikalowa, isiyeni imalize ma update ake kaye, kenako Office, kenako QuickBooks n'kubwezeretsa fayilo ya .QBB, mufananize ndalama zotsala ndi zomwe zili m'kope la kushopu. Mafailo anu abwere pomaliza, mutawayesa ndi Windows Defender. Musaike mapulogalamu aja olonjeza kuthamangitsa kompyuta, ndipo SSD siifuna defrag. Windows imadziwa yokha kuisamalira. Ngati RAM ili 4 GB, onjezani ifike 8, ndi DDR3 ndipo malo alipo awiri. Chrome yokha imadya 4 GB ngati ndiwo za alendo.

Chimodzi chomwe ndiyenera kunena poyera kuti musadzandinene: makinawa sakwanira pa zofuna za Windows 11, yomwe imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya Intel ya m'badwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, pomwe yanu ndi ya m'badwo wachiwiri. Ndipo Microsoft inathetsa chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Makompyuta sanazime tsiku limenelo litadutsa, koma ma update a chitetezo anasiya kubwera kupatula kwa omwe analembetsa ku ndondomeko yawo yowonjezera yotchedwa ESU. Chikhala kuti palibe QuickBooks ndikanakuuzani za Linux Mint, yolowa m'malo mwa Windows, yomwe imathamanga bwino pa makina ngati amenewa. Komabe ndalama ya SSD siitayika: mukadzagula kompyuta ina, mudzaizula n'kuisandutsa external.

Dziwaninso kuti SSD nthawi zambiri siichenjeza. Hard drive imadwala, imagogoda, imakupatsani masiku. SSD imatha kungozima m'mawa umodzi, ndipo chomwe mwafufuta pa SSD kawirikawiri sichibweranso, ngakhale ndi PhotoRec uja. Choncho fayilo ya QuickBooks muziiponya pa Google Drive Loweruka lililonse mukatseka shopu, pali 15 GB yaulere.

Hard drive yakaleyo musamusiyire wokonza, ngakhale atakutsitsirani mtengo, ndipo musaifomate. Muli mabuku a shopu ndi zithunzi za ana anu mmenemo. Gulani kabokosi ka USB ka hard drive ya 2.5, muiikemo, muisunge mu kabati mwezi wathunthu osaikhudza, chifukwa sabata yachitatu ndi pamene munthu amakumbukira foda ina yomwe inali ku malo achilendo. Pakadali pano tumizani pano chithunzi cha tsamba la Activation ndi cha CrystalDiskInfo, mutaphimba manambala a siriyo, tione ngati ndi clone kapena kuyamba mwatsopano.