Ndimalandira aliyense, nanga bwanji mayi a kunyumba sakondwa?

FUNSO: Akonzi, ndine bambo wa zaka 43. Kwathu ndi ku Dedza, koma ndakhalitsa kuno ku Harare ndipo ndimagwira ntchito ya utelala ku Mabvuku. Mayi a kunyumba anabadwira konkuno, ngakhale agogo awo anachokera ku Ntcheu, ndipo amagulitsa tomato amene amakapikula ku Mbare Musika. Tili ndi ana atatu, timapemphera ku CCAP ndipo ine ndine mkulu wa mpingo. Abale ochokera kumudzi, ena opita ku Johannesburg, ena odzafuna ntchito, amafikira kwathu ndipo sindingathe kuwabweza. Panopa mng'ono wanga ndi mnzake atha miyezi inayi m'nyumba yathu ya zipinda ziwiri. Mwezi uliwonse ndimatumizanso ndalama kwa mayi anga. Akazi anga anasiya kuseka, ndipo tsiku lina anandiuza kuti ndine wabwino kwa anthu onse kupatula iwo. Ndimawakonda ndipo sindinawamenyepo. Kodi chikhulupiriro chawo chazirala, kapena ndi kuumira chabe? Bambo wothedwa nzeru, Mabvuku.

YANKHO: Bambo, kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo sindinapezemo mayi woumira. Mayi amene waphikira amuna awiri achilendo kwa miyezi inayi osawathamangitsa wasonyeza kale chikhulupiriro chake ndi manja, ndipo funso loyenera kufunsa ndi lakuti kukoma mtima kumene mumatamandidwa nako amakulipira ndani.

Ndiyambe ndi kukuikirani kumbuyo, chifukwa mwambo umene mukusungawo si wamba. Makolo athu pobwera kuno, mzinda uno ukutchedwabe Salisbury (dzina la Harare unalitenga mu 1982), ambiri ankayenda pansi kudutsa ku Tete, ndipo ankapulumuka chifukwa cha mnzawo wakumudzi amene anatsogola n'kuwagoneka pakhonde kapena kukhitchini kufikira atapeza ntchito m'mafamu, m'migodi kapena m'nyumba za azungu. M'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 mpaka 1963, anthu anabwera ochuluka, ndipo mipingo yathu ndi magulu othandizana pamaliro anakula chifukwa cha mtima womwewo. Agogo a akazi anu nawonso ayenera kuti analandiridwa ndi munthu wina. Choncho palibe amene akunena kuti mutseke chitseko.

Komabe taganizirani mmene tsiku limayendera pakhomo panu. Inu mukavomera pa foni kuti mlendo abwere, ntchito yanu imathera pokamuchingamira pa siteshoni ya mabasi ya Roadport, ndipo mbiri yabwino imene imafika ku Dedza ndi yanu. Zotsalazo zimagwera mayi. Aliyense wokhala ku Mabvuku amadziwa mavuto a madzi, moti chigubu chilichonse chimene alendo asamba chinaimiridwa pamzere kumjigo ndi munthu amene anadzuka mbandakucha kukapikula tomato. Thumba la ufa la makilogalamu 10 limene linkakwanira anthu asanu tsopano likudyetsa asanu ndi awiri, magetsi akutha msanga, ndipo ndikukayika ngati ndalama ya ndiwo munaionjezera. Palinso nkhani imene amuna ambiri sailingalira: m'nyumba ya zipinda ziwiri, ana anu akugona pati, makamaka ngati pali mtsikana amene akusinkhuka? Nanga inu awiri mumapeza kuti mpata wokambirana zanu popanda khutu lachitatu? Mayi amene sangathe kukhala momasuka m'nyumba mwake kwa miyezi inayi, kuseka angakuyambire pati?

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti timulandire bwino chifukwa sachedwa kupita. Amene watha miyezi inayi salinso mlendo, ndi munthu wapakhomo, ndipo ayenera kutunga madzi, kusesa, kugulako ndiwo akapeza ganyu, ndiponso kudziwa tsiku limene adzasamuke. Kuwauza zimenezi ndi udindo wanu, popeza ndi abale anu. Mukasiyira akazi anu, kumudzi kudzamveka kuti alamu a ku Harare ndi ankhanza, ndipo chilonda chimenecho sichipola msanga. Muonenso mapasipoti awo, chifukwa masiku amene anawadindira pa chipata cha Nyamapanda polowa m'Zimbabwe akatha, kuwasunga osakonza mapepala sikuwathandiza konse.

Za ndalama zopita kwa mayi anu sindichulukitsa mawu. Pitirizani kutumiza, koma kuchuluka kwake mugwirizane awiri, ndipo akazi anu asamve kwa anthu ena kuti mwatumiza. Afunseninso ngati kuchimuna kwanu kokha ndiko kuli osowa, pakuti nawonso ali ndi makolo.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti mwathamangira kukayikira chikhulupiriro chawo. Monga mkulu wa mpingo, mawu anu ndi olemera, ndipo mukauza mayi wotopa kuti Mkhristu sadandaula za alendo, mwamutseka pakamwa ndi chinthu chimene chinayenera kumutonthoza. Malemba omwe amatilimbikitsa kuchereza alendo ndi omwenso, pa 1 Timoteo 5:8, amadzudzula mwamphamvu munthu wosasamala a m'banja lake, ndipo mukudziwa kuti posankha mkulu wa mpingo amayang'ana kaye mmene akuyendetsera nyumba yake. Mwanenanso kuti simunawamenyepo. Zimenezo n'zabwino, koma kusamenya ndi poyambira chabe, ndipo si chinthu choti mwamuna aziwerengera ngati mphatso imene anapatsa mkazi wake. Chikondi chimene mukunenacho akazi anu sangachione mumtima mwanu, amachiona pamene mwanyamula chigubu, pamene mwawafunsa musanavomere mlendo, kapena pamene mwawasokera diresi inu telala amene mumavalika anthu a dera lonse (ndikukhulupirira kuti mukumbukira chaka chimene munawasokera komaliza).

Mawu amene anakuuzani aja ndi owawa, koma ine ndikuwaona ngati chizindikiro chabwino, chifukwa munthu amene wataya mtima pa banja sadandaulanso, amangokhala chete n'kumakonza zake. Sabata ino pezani nthawi imene alendo ndi ana palibe, kapena mutuluke awiri mukatha mapemphero Lamulungu. Musayambe ndi vesi kapena kudziteteza. Auzeni kuti mwamva zimene ananena, kenako afunseni kuti pa miyezi inayiyi chawalemera kwambiri n'chiyani, ndipo mumvetsere mpaka amalize ngakhale zina zikupweteni. Mukatero mugwirizane zinthu zooneka: tsiku limene alendowa asamuke, masiku amene mlendo wina aliyense angakhale, ndiponso kuti kuyambira tsopano yankho lanu pa foni lizikhala lakuti muyambe mwakambirana ndi mayi.

Zikakanika awiri, itanani ankhoswe. Ndikudziwa kuti kuno ambiri ankhoswe athu enieni ali kutali ndipo timadalira a kumpingo, koma pa nkhani iyi musabweretse akulu a mpingo anzanu okhaokha, amene mwina angakukondereni. Lolani akazi anu asankhe munthu wa kwawo, kaya azakhali kapena mayi wachikulire wa chigwirizano amene amamukhulupirira, kuti pokhala pansi pakhale wina wowamvera iwonso. Mudzatilemberenso mng'ono wanuyo akapeza pokhala.